Webusaiti yaulere ya mphwa wa malemu ndaikana

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 47, ndimakhala ku Mwanza kufupi ndi chipata cha m'malire. Ndili ndi resitihausi ya zipinda zisanu ndi zitatu imene tinamanga ndi malemu amuna anga, bambo a Anne. Iwo ankayendetsa thiraki, ine ndinkagulitsa manachesi pamsewu, ndipo palibe njerwa ya nyumba imeneyo imene sindinaigwire. Alendo anga ambiri ndi madalaivala odikira mapepala pachipata komanso amayi a geni ochokera ku Tete.

Amuna anga anatisiya zaka zitatu zapitazo. Misozi isanaume n'komwe, alamu anga, mlongo wawo wa malemu, anandiuza kuti makiyi a resitihausi ndipereke kwa mwana wawo Malcolm, poti kwathu kuno mphwa ndiye amalowa m'malo mwa amalume ake. Ine ndinangomangirira makiyiwo kunsonga kwa chitenje changa. Anayankhula mpaka malovu kuuma. Makiyiwo ali ndi ine mpaka lero.

Chaka chino mwana wanga Anne, amene akuphunzira ku Blantyre, anandiuza kuti masiku ano apaulendo amayamba afufuza pafoni malo ogona asananyamuke. Ndinaona kuti n'zoona, chifukwa a magalimoto ang'onoang'ono amangodutsa pakhomo panga kupita ku loji ina yatsopano imene ili pa intaneti. Ndiye ndinayamba kufunsa mitengo yopangitsira webusaiti. Kampani ina ya ku Blantyre inanditchulira K2,500,000, ndinangoseka n'kudula foni. Kenako Anne anandipezera mayi wina dzina lake Esinati, amene anati apanga pa K950,000. Ndalama zimene ndili nazo ndi K1,100,000, ndipo ndakhala ndikusunga kuti ndigule thanki ya madzi, poti mipopi ikauma alendo anga amasambira m'ndowa.

Sindikudziwa kuti Malcolm anazimva bwanji. Loweruka lina anangotulukira ndi laputopu kukhwapa, akumwetulira ngati wapeza ntchito. Anati, "Anti, mukataye ndalama chifukwa chiyani ine ndilipo? Ndapanga kale, yaulere. Mungovomera basi ndiiike pa intaneti."

Sindinama, Aphungu, inali yokongola. Zipinda zanga zinkaoneka ngati za ku hotela, mawu ake a Chingerezi ndi Chipwitikizi. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinamuuza kuti atsitse mpaka pansi. Nambala ya foni inali yake. Panali chithunzi cha malemu, m'munsi mwake atalembamo kuti iyi ndi bizinesi ya banja, woyendetsa ndi Malcolm. Dzina langa silinalipo paliponse. Ine ndikuoneka pachithunzi chimodzi chokha, nditapereka msana, ndikuyanika zofunda ngati wantchito.

Nditamufunsa anati, "Inu Chingerezi chimakuvutani, anti. Mafoni ndizilandira ine, inu muzingokonza zipinda." Ndinamuyankha kuti, "Nanga madalaivala a ku Beira ndakhala ndikumvana nawo bwanji zaka zonsezi, unkanditanthauzira ndiwe? Tseka chinthu chakocho." Anatseka n'kumapita osatsanzika.

Panopa ndine nkhani m'banja lonse. Alamu anandiimbira kuchokera kumudzi kwa Nthache, amvekere, "Chibale ndi fupa, sichiola. Mukukana mwana wanu kuti mukalemeretse mlendo?" Ngakhale Anne wayamba kubwerera m'mbuyo, akuti tiyambe ndi thanki. Zimenezo ndiye zandipweteka kwambiri.

Sindikufunsa ngati ndilandire ya Malcolm ayi. Imeneyo ndakana ndipo sindisintha. Ndilipira yanga, dzina langa likhale pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, aliwerenge mpaka kwa Nthache, ngakhale alendo asambire m'ndowa chaka china. Funso langa ndi lakuti, kodi K950,000 ndi mtengo woyenera, kapena Esinati nayenso akufuna kundidyera masuku pamutu poona kuti ndine mkazi wamasiye?

E.S., Mwanza


Mayi E.S.,

Mwachita bwino kukana, ndipo musapepese kwa munthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene amalandira foni ndiye amalandira mlendo, amatchula mtengo, ndipo ndalama yotumiza pafoni imafikira kwa iye. Pakanatha chaka chimodzi, dalaivala aliyense kuchokera ku Beira mpaka ku Lilongwe akanamati akukagona kwa Malcolm. Makiyi amene anakanika kuwatenga pakhomo nthawi ya maliro, wabwera kudzawatengera pawindo.

Koma tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, poti mwandilembera nokha. Kodi mukufuna webusaiti yoitana alendo, kapena yoyankhira alamu anu? Kalata yanu ikununkha yachiwiriyi. Mkwiyo wanu ndi womveka, koma musautume kumsika, sudziwa kutsitsa mtengo.

Ngati K950,000 ndi yoyenera sindinganene, chifukwa simunandiuze zimene zili m'kati mwake, ndipo ndikukayika ngati inuyo mukuzidziwa. Safunsa anadya phula. Muuzeni Esinati akulembereni papepala chinthu chilichonse ndi mtengo wake. Webusaiti ili ngati shopu ya lendi. Kuikonza mumalipira kamodzi, koma dzina lake la pa intaneti ndi malo amene imasungidwa mumalipira chaka ndi chaka, ndipo mukasiya imatsekedwa. Mufunse kuti pachaka zizikhala zingati. Mufunsenso ngati azidzakulipiritsani mukafuna kusintha mtengo wa chipinda kapena chithunzi. Ambiri amalira pamenepo, osati pa tsiku loyamba.

Ndiye mudzifunse kuti zipinda zisanu ndi zitatu zikufuna chiyani. Tsamba limodzi kapena awiri ndi okwanira: zithunzi zoona za zipinda, mitengo, mapu osonyeza pamene muli, mawu angapo a Chipwitikizi, ndi nambala yanu yoti munthu akangoidina akupezeni. Zoti mlendo azilipira ndi khadi pa webusaiti pomwepo, kapena zithunzi zoyendayenda, zisiyeni kaye. Zimenezo ndi zimene zimafufumitsa mtengo, chonsecho madalaivala anu amangofuna kudziwa ngati chipinda chilipo ndiponso ngati madzi akutuluka. Funsani anthu ena awiri mtengo wa yaing'ono yoteroyo, muone ntchito zimene anapangira ena, muimbirenso eni ake mumve ngati anakhutira. Mukagwirizana, perekani gawo poyamba, lotsalalo mudzapereke mutaiona ikugwira ntchito pafoni yanu. Risiti musaiwale.

Zotsalazo zipite ku thanki. Anne sanakugulitseni, akunena zoona. Mlendo wobwera chifukwa cha zithunzi zokongola n'kukapatsidwa ndowa, amakalemba pa intaneti pomwepo, ndipo zimene walembazo simungazifufute. Apo ndiye alamu anu adzaseka mpaka kugwa pampando. Ngati ndalama sizikwanira zonse ziwiri, lembetsani kaye dzina la webusaiti, limene silidula ngati kuipanga, muike resitihausi yanu pa mapu a pa intaneti ndi nambala yanu, mugule thanki, webusaiti idzabwere manachesi akadzapsanso. Kuchedwa miyezi ingapo si kugonja.

Za dzinalo musazengereze. Malcolm ali ndi zithunzi zanu ndi tsamba lopangapanga m'laputopu mwake, ndipo akhoza kulembetsa dzina la resitihausi yanu inu musanatero. Sabata ino Anne afufuze ngati sanaliike kale. Mumulembere Malcolm mawu achidule omuletsa kugwiritsa ntchito dzina ndi zithunzi za bizinesi yanu, musunge kope lake, ndipo pakhale wamkulu mmodzi wa kubanja amene akudziwa. Osatukwana. Ndi mwana wa alamu anu ndithu, mudzakumana pamaliro ndi paukwati.

Pali china chachikulu kuposa zonsezi. Kodi mapepala a malowo ndi a bizinesiyo ali m'dzina la ndani? Ngati akadali m'dzina la malemu, pitani ku ofesi ya bwanamkubwa kapena kwa othandiza anthu pa zamalamulo akakulongosolereni zoyenera kuchita. Lamulo la dziko lino limateteza mkazi wamasiye ndi ana kwa olanda chuma, koma limafuna mapepala. Dzina lanu pa webusaiti, likule bwanji, si umboni kukhoti.

Chenjezo langa lomaliza ndi la Esinati. Sindikumuganizira zoipa, koma kusakhala m'bale sikumusandutsa mngelo. Dzina la webusaiti lilembetsedwe mwa inu, ndi imelo yanu ndi foni yanu, osati zake, ngakhale atanena kuti n'kukupeputsirani ntchito. Ndalama yomaliza isachoke m'manja mwanu asanakupatseni mawu achinsinsi otsegulira zonse, ndipo akakupatsani muwasinthe tsiku lomwelo muli ndi Anne. Mukapanda kutero mudzakhala mutalipira K950,000 kuti mupereke kwa mlendo chinthu chimene munamukaniza Malcolm.

Amenewo ndi makiyi, mayi, ngakhale salira m'thumba. Chitenje chija chili ndi nsonga zinayi, ndipo mwamangapo imodzi yokha.

Aphungu