Ndime yachitatu ya Musatseke

Lachitatu

09:14 Mlamu: alamu mwaiona? vidiyo ija aionera anthu 40,000

09:15 Mlamu: ine pa mpando wanu wometera, mutu theka, wailesi ikulengeza kt Nyundo woyimba wa bandi ya Misomali wamwalira, ndikuyimba nyimbo yake ya Musatseke mamina ali chuchuchu kkkk

09:17 Lumo: ndinajambula ndine. ndinaiponya pa gulupu ya mafani a Misomali kt anthu akuseke

09:18 Mayi a mapasa: nde palibe waseka. manesi anzanga onse alira kuwodi kuno. wina akufunsa ngati mchimwene wangayu ali pa banja

09:18 Lumo: mxm

11:40 Mlamu: ABALE

11:40 Mlamu: wa ng'oma wa Misomali wandiyimbira foni. iye mwini

11:41 Mlamu: Loweruka pa shoo yokumbukira Nyundo, 3 koloko masana, akufuna ndikayimbe Musatseke pa siteji ndi bandi yonse

11:42 Mayi a mapasa: eeeeh!! mwana wa mayi anga

11:42 Mlamu: alamu mwamva?

12:30 Mlamu: alamu?

13:05 Lumo: ndimameta anthu. ena timagwira ntchito

13:06 Lumo: zabwino zonse

13:11 Lumo: koma funso limodzi. CD yoyamba ya Misomali anakupatsa ndani?

13:11 Mlamu: inu

13:12 Lumo: unati chani utaimvera?

13:13 Mlamu: alamu nzakale zimenezo

13:13 Lumo: unati phokoso la pa garaji. zaka zitatu zapitazo. ine zaka 22 mzere woyamba. ndinanyamulapo sipika yawo pa mvula bandi isanagule galimoto. khutu lamanzere linagontha chifukwa cha iwowa

13:14 Lumo: lero akuitana munthu amene analira bwino

13:15 Mayi a mapasa: bambo a mapasa. munthu wamwalira

13:15 Lumo: ndikudziwa. ndamulira masiku atatu. kungoti ine palibe anandijambula

Lachinayi

17:48 Mlamu: ndangotuluka ku pulakatisi. wa gitala anandigwira phewa

17:49 Lumo: usalisambe

17:52 Mlamu: koma pali vuto. mayi ake a Nyundo abwera Loweruka. sanapiteko ku shoo ya mwana wawo ngakhale imodzi, ankadana nazo za bandi

17:53 Mlamu: wina anawauza kt Musatseke inali ndi ndime yachitatu yonena za iwo. apempha aimve

17:54 Mayi a mapasa: mayo

17:55 Mlamu: pa CD palibe. ankaiyimba pachiyambi penipeni kenako anaisiya. wa ng'oma anali asanalowe bandi. wa gitala akuti nthawi imeneyo ankaledzera, akungokumbuka kt inalipo

17:56 Mlamu: afunsa pa gulupu ya mafani, onse zii

18:02 Mayi a mapasa: dikira. bambo a mapasa, si ija mumayimba mukamasamba? ya mbale?

18:03 Mlamu: ALAMU

18:03 Mlamu: mumaidziwa???

18:09 Lumo watuluka pa gulupu

18:10 Mayi a mapasa walowetsa Lumo

18:10 Mayi a mapasa: timagona nyumba imodzi, muthawira kuti

18:14 Lumo: anaiyimba katatu kokha. m'kabala kapansi kaja, anthu osakwana 30, magetsi akuthimathima. ine ndinalipo katatu konse. ndinaijambula pa kaseti, wailesi inatafuna tepi, inatsala m'mutu muno

18:15 Lumo: iwe nthawi imeneyo unkakodzera mphasa

18:16 Mlamu: nzoona. nde ndithandizeni pls. ingondilemberani mawu

18:16 Mlamu: kapena voice

18:40 Mlamu: alamu

19:02 Mayi a mapasa: ali pa sofa apa akuwerenga. foni aitembenuza chafufumimba

Lachisanu

07:31 Mlamu: mwadzuka bwnj alamu. ndawauza a bandi kt pali mkulu amene akuidziwa, ayimbe iyeyo

07:32 Lumo: ati chani

07:36 Mlamu: uthenga wamawu (0:41)

07:39 Lumo: ndamva. mapositala atuluka kale. anthu akufuna uja wa mutu theka

07:39 Lumo: mpaka akuuza usamalize kumeta?

07:40 Mlamu: akuti anthu akandizindikire

07:41 Lumo: nawo mutuwo ndi ntchito yanga. vidiyo yanga. makina anga. mpando wanga. pa positala alemba dzina la shopu?

07:42 Mlamu: ayi

07:42 Lumo: nde ndime ukaifunse kwa anthu 40,000 aja

07:50 Mlamu: panopa ndi 90,000

07:50 Mayi a mapasa: iwe khala chete, ukuthira petulo

12:20 Mayi a mapasa: ndili pa buleki, ndinene zanga. bambo a mapasa ndikudziwa zikukupwetekani. chithunzi cha Nyundo chili pamwamba pa cha ukwati wathu, zaka 11 sindinayankhulepo

12:21 Mayi a mapasa: koma ndimeyi si yanu. si ya mchimwene wanga. ndi ya mayi aja

12:22 Mayi a mapasa: ndimaona azimayi otere tsiku lililonse. akapatsidwa chikwama cha zovala za mwana amanunkhiza chilichonse

12:45 Lumo: anali kuti mwana wawo ali moyo? anaisiya ndimeyo chifukwa sankabwera. ife ndife tinkabwera

12:46 Mayi a mapasa: nde mukulanga ndani, nkhalamba kapena mlamu wanu?

12:47 Mayi a mapasa: chifukwa ine ndikuona nsanje basi. yavala jekete yachikopa

12:58 Lumo: eya ndi nsanje. ndikane chifukwa chani

12:59 Lumo: moyo wanga wonse ndinkalota atandipatsako maiki ngakhale mzere umodzi. ankaloza maiki kwa anthu, ine ndimatambasula khosi ngati nkhuku ya m'dengu. sanandionepo

13:00 Lumo: uyu walira kamodzi

13:04 Mlamu: sorry alamu. sindinachite kufuna

13:04 Lumo: nchimene chikundiwawa kwambiri

16:15 Mlamu: ndayesa kupeka yanga. wa gitala wati ayi, mayi sitingawanamize

16:16 Mlamu: akuti ikapanda kupezeka tingoyimba ziwiri, ndiwauze ndekha pa maiki kt yachitatu inatayika

16:16 Mlamu: ine ndiwayang'ane kumaso ndinene zimenezo

18:30 Mlamu: ndinadutsa pa shopu, munandiona pa galasi nkulowa kuseri. ndinaona nsapato zanu pansi pa katani

Loweruka

08:05 Mayi a mapasa: malaya anu akuda a Misomali ndasita, ali pa bedi. tiketi yanu ili pa filiji. mapasa ndawasiya kwa aneba

08:20 Lumo: Loweruka ndi tsiku la makasitomala

08:21 Mayi a mapasa: munatseka shopu sabata yathunthu atatulutsa CD yachinayi

08:21 Lumo: anali moyo

13:50 Mayi a mapasa: ndafika. holo yadzaza, ena aima m'makoma. malo anu a kutsogolo ndaikapo chikwama

14:35 Mayi a mapasa: awalowetsa mayi aja. ndi aang'ono thupi, ndodo m'manja. mwana wawo wamkazi wawaika thonje m'makutu

14:36 Mayi a mapasa: afunsa wa gitala ngati nyimbo yawo yapezeka. wayang'ana pansi

15:02 Mlamu: ayamba. ine ndine wachisanu ndi chimodzi. ndili kuseri kwa siteji

15:20 Mlamu: alamu ndikugwadirani

15:31 Mlamu: kwatsala nyimbo ziwiri

15:38 Lumo: uthenga wamawu (1:52)

15:38 Lumo: umve mmene imayimbidwira ndi anthu oidziwa

15:39 Lumo: watsala ndi nyimbo imodzi. iloweze tione, katswiri

15:39 Mlamu: alamu mizere 12?? mwadikira dala

15:40 Lumo: ine ndinaigwira kamodzi, nditaledzera

15:41 Mlamu: akundiitana

15:58 Mayi a mapasa: bambo a mapasa

15:58 Mayi a mapasa: mchimwene wanga wakwera pa siteji

15:59 Mayi a mapasa: wayimba ndime ziwiri. kenako wakweza dzanja bandi yasiya. wati yachitatu ine sindiidziwa, amaidziwa ndi alamu anga ometa, amene anandiphunzitsa bandi ino

16:00 Mayi a mapasa: watulutsa foni waigunditsa pa maiki

16:00 Mayi a mapasa: mawu anu holo yonse. mpaka fani ya mu shopu imamveka

16:01 Mayi a mapasa: wa gitala wakutsatirani pang'onopang'ono, misozi ili mbwembwembwe

16:02 Mayi a mapasa: pamene pakuti "munati gitala sadyetsa munthu, koma madzulo aliwonse mbale yanga munkaivundikira" mayi aja achotsa thonje

16:03 Mayi a mapasa: apempha aibwereze. aibwereza. kachiwiri anthu onse amayimba nanu

16:04 Mayi a mapasa: ndi pomaliza pomwe munatukwana kt katswiri wa manyi iwe, pamvekanso. kawiri konse. anthu aseka akulira

16:10 Mlamu: alamu mayi a Nyundo akukufunani

16:11 Mlamu: akuti chakudyacho ankamuuza Nyundo kt amasiya ndi mlongo wake. sankadziwa kt iye ankadziwa kt ndi iwo

16:11 Mlamu: akuti ndimuone munthu amene wandisungira mwana wanga zaka zonsezi

16:12 Mlamu: foni yosayankhidwa

16:13 Mayi a mapasa: foni yosayankhidwa

16:14 Mayi a mapasa: muli kuti? siyani kasitomalayo kwerani njinga yamoto

16:19 Mlamu: atopa, mwana wawo akuti apite nawo. akana, akhala pa mpando pa khomo lakumbuyo akudikira

16:24 Mayi a mapasa: foni yosayankhidwa

16:29 Mlamu: awakweza galimoto. anafunsa dzina lanu kawiri kt asaiwale

16:31 Mlamu: anyamuka

16:37 Lumo: foni inazima, ndabwereka chaja kwa wogulitsa madzi

16:37 Lumo: ndamva zonse

16:38 Mayi a mapasa: mwamva bwanji muli ku shopu?

16:39 Lumo: shopu ndinatseka 2 koloko. voice ndinaijambula m'mawa. ndili pa geti yakutsogolo chiyambire

16:40 Mayi a mapasa: nde osalowa bwanji??

16:41 Lumo: tiketi ndinampatsa kasitomala woyamba. kupsa mtima

16:42 Lumo: itayamba kumveka ndinathamangira kwa mlonda. ndinamuuza kt mawu amenewo ndi anga

16:42 Lumo: anati bambo imani uko, lero aliyense akutero