Chanzi sayanika padzuwa

Lilongwe
14 Julayi 1996

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija likuvutabe mukamatsikira kudimba? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira ndipo fumbi lake ndi losaneneka.

Munafunsa chifukwa chimene sindinabwerere pa holide. Chaka chomalizachi aliyense amakhala ndi kafukufuku wakewake mu labu, ndipo popanda malikisi ake digiri palibe. Ine ndinasankha chanzi, chitsamba chija mumathira m'matumba a chimanga kuti anankafumbwe asachifumbule. Anzanga anaseka kuti ndabweretsa za asing'anga ku koleji, koma aphunzitsi amene akundiyang'anira anati ndiyese.

Ndiye mwana wanu wophunzira uja watha miyezi iwiri akuweta anankafumbwe m'mabotolo. Ndimawasankhira chimanga chabwino n'kumawawerenga m'mawa uliwonse ngati anapiye. M'mabotolo ena ndinathira ufa wa chanzi, ena ayi, kuti ndione kusiyana. Amayi, kusiyana kunalibe. A m'chanziwo anaswana bwinobwino, mwina kuposa anzawo. Ndinalira, sindikubisirani.

Aphunzitsi ananunkhiza ufawo n'kundifunsa mmene ndinaumitsira masamba. Ndinayankha monyadira kuti ndinawaika mu uvuni wa mu labu ndipo anauma tsiku limodzi. Iwo anafunsa kuti nanga amayi anga amaumitsa bwanji. Ndinakumbukira tsiku lija munandikalipira nditayanika masamba pathanthwe, munati chanzi sayanika padzuwa, amayanika m'nyumba pamphasa. Ndinkayesa ndi zoopsezera ana chabe, ngati zija zoti osakhala pamtondo. Aphunzitsi akuganiza kuti mphamvu yake ili m'fungo, ndipo ine fungolo ndinalithamangitsa ndi moto. Mwambi wa mawu a akuluakulu musavutike kuunena, ndadzinenera kale ndekha.

Andilola kuyambiranso, koma kwatsala masabata asanu ndi awiri, pomwe anankafumbwe amafuna asanu kuti aswane. Tsoka lake, tchire limene ndinkathyolako chanzi kuno alitentha anthu osaka mbewa. Ndikapanda kupeza masamba ndibwereza chaka, ndipo gauni ya digiri ija mwakhala mukuuza amvano anzanu simuiona chaka chino. Zimenezi zikundiwawa kuposa manyazi.

Pempho langa ndi limodzi. Mundithyolere chanzi cha m'mbali mwa dimba lathu, muchiyanike monga mumachitira, chodzaza kathumba ka shuga katatu. Amalume a Tobias akubwera kuno Loweruka pa 27, muwapatsire. Muwauze asachiike pafupi ndi injini ya basi, ndipo asachiphatikize ndi matemba awo. Mng'ono wanga Christobel akhale pambali panu ndi pensulo, alembe zonse: nthawi yothyola, masiku oyanika, kasinjidwe kake, ngakhale chimene chikuoneka chopanda pake. Aphunzitsi akuti m'buku la kafukufukuyu ndilembe dzina la amene anandiphunzitsa njirayi, ndiye dzina lanu lilowa momwemo.

Mundiperekere moni kwa abambo, kwa azakhali a ku Naisi, kwa alamu ndi ana onse. Christobel mumuuze asiye kuseka, tsiku lake likubwera.

Kuyambira lero, Amayi, ndiziyanika pamphasa.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Fyness