Mumlandire Sipora, Mkazi wa Gigmai

Kundiawa, Simbu
21 Sepitembala 2006

Okondedwa mlongo wanga Moro,

Ndikupatsani moni m'dzina la Yehova, amene watisunga tonse awiri kufikira imvi, inu kunyanja ku Lae, ine kumapiri kuno kumene anatibalira mayi wathu. Kalatayi ndapatsa dalaivala wa basi kuti ikupezeni Sipora asanafike. Mtengwa wathu ameneyu, mkazi wa mwana wanga Gigmai, ali ku Goroka kwa amayi a mpingo pamodzi ndi ana ake awiri, ndipo Loweruka adzatsikira kwa inu. Mumlandire. Chifukwa chake ndikuuzani tsopano, koma muwerenge mutakhala pansi.

Inu munamuona Gigmai ali mwana, akuthamanga ndi botolo lodzaza udzu m'malo mwa mpira wa ragibe. Munamuonanso atakula, khosi lake ngati la ng'ombe yamphongo, ntchito yake kulandira mpira ndi kuthamangira pomwe adani athithikana. Anasewera m'timu ya chigawo chathu, navala jezi ya dziko, ndipo atapita kukasewera ligi kumpoto kwa Mangalande ankatitumizira matepi a kanema a masewero ake, mudzi wonse n'kusonkhana pa sitolo yokhala ndi jenereta. Kawirikawiri tinkamuona atagwa chagada osagwedezeka. Ankamthira madzi a m'ndowa, iye n'kudzuka akudzandira, n'kubwerera pamzere, ife tikufuula kuti mwala wa ku Simbu suphwanyika.

Mawondo ake atatha, anabwerera kwathu kudzaphunzitsa timu. Anatola anyamata amene ankangotchova juga pamsika, naimika ana a mafuko odana pamzere umodzi, chinthu chimene ife akulu ampingo tinachilephera. Pabwalo pake sipankatha kuseka. "Iwe Tobi," ankatero, "ukuthamanga ngati nkhumba ya bere! Agogo ako angakupitirire atasenza mbatata!" Ndipo anyamata omwewo anabweretsa chikho m'tauni muno.

Nthendayi inalowa pang'onopang'ono. Anayamba kuiwala maina, kenaka njira ya kumunda. Tsiku lina anathyola chitseko ndi ukali, nakhala pansi nalira, osadziwa chimene chamkwiyitsa. Dokotala wa ku Goroka anatiuza, ine ndi Sipora, kuti ubongo wake unavulala ndi kugundidwa kwa zaka zonse zija, ndi kuti mankhwala ochiza palibe. Ntchito sanaisiye, pakuti mpirawo ankaudziwabe monga kale. Sipora ndiye ankakhala kumbuyo kwake pabenchi, namanong'oneza maina a osewera.

Lamulungu lapitali panali masewero olowera ku ndime yomaliza, ndipo anyamata athu anali kutsogola. Pa nthawi yopuma Gigmai anadutsa bwalo, napita kwa alendo, nawasonkhanitsa. "Ana anga," anatero, "kumanzere kwawoko n'kofooka, kamnyamata kaja kakuopa kugunda. Pitani komweko!" Alendowo anayang'anana, mmodzi nati, "Tamva, akochi," anzake n'kuphulika kuseka. Kaputeni wathu anathamanga kukamkoka, koma Gigmai anamkankha ngati samdziwa. Pamenepo Sipora anadza, namgwira dzanja, nati, "Bambo a Ruti, tiyeni, ana anu ali uku." Ndipo Gigmai anamtsata, khamu lonse likuona. Tinagonja, ndipo tinagonjera kumanzere komweko.

Lolemba masana, ndikuyanika khofi, anafika kaputeniyo, ndiye Teine, mwana wa malemu mbale wathu Kawage, pamodzi ndi anzake.

"Bambo aakulu," anatero, "mkazi wa kunyanja uja, Sipora, watidyera munthu."

"Khala pansi, Teine. Dokotala ananena kuti ndi mutu, chifukwa cha kugundidwa."

"Aaa, madala, dokotala wakeyo anasewerapo ligi? Munthu wagundidwa zaka zonse zija ali bwinobwino. Lero wasiya kugundidwa ndiye adwale? Ineyo ndakomokapo kangati? Ndikuoneka wamisala ine?"

"Iwe yako unabadwa nayo," anatero Tobi. Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunakhalitse.

"Tandiyankheni ichi," anapitiriza Teine. "Inu bambo wake sakukudziwani. Ife ana ake sakutidziwa. Koma uja akangomgwira dzanja, akutsatira ngati mbuzi ya pachingwe. Mtima wa akochi ali nawo ndi iyeyo. Woombeza akubwera Lachisanu, ndipo adzaubweza, afune asafune."

Ponena izi misozi inali kutsika m'masaya mwake, pakuti mnyamatayu amamkonda Gigmai koposa atate wake womubala. Ndinawakumbutsa za mwazi wosalakwa ndi za Iye amene adzaufunsa m'manja mwawo. Anandimvera mwaulemu monga amachitira m'tchalitchi, nachoka monga anabwerera. Inu mukudziwa chimene chimagwera mkazi wopanda alongo pafupi woombeza akamloza chala. Zitsulo za pamoto munazionapo ndi maso anu, ndipo sindidzazilemba pano.

Mlongo wanga, mkazi uyu wamsambitsa mwana wanga, wamdyetsa, wapirira ukali wake, kufikira kuti mwa anthu onse a pansi pano nkhope yake yokha ndiyo yatsala m'mutu mwa Gigmai. Ndipo chimenecho ndicho achitenga kukhala umboni womtsutsa.

Lachiwiri ndinamuuza kuti achoke.

"Bambo, ndikapita ine, am'meta ndevu ndani?" anatero. "Inu akakuonani ndi lezala amayesa mwabwera kudzamupha. Komanso ndikathawa, adzati n'zoona."

"Anene, mwana wanga. Ruti ndi mng'ono wake akufuna mayi wamoyo."

Anakanabe, kufikira ine apongozi ake ndinagwada pamaso pake m'fumbi. Pamenepo anaphimba nkhope yake ndi nsalu, navomera. Lachitatu m'mawa, galimoto ya abusa ikudikira kumsewu, anam'meta mwamuna wake, nam'mwetsa tiyi, nampukuta pakamwa. "Ndikupita kumsika," anamuuza. Gigmai anamwetulira nati, "Ugule shuga, mayi. Usachedwe."

Tsopano ichi n'cha inu nokha, Sipora asachimve. Kuyambira dzulo Gigmai akukhala m'mbali mwa msewu waukulu. Basi iliyonse ikaima amanyamuka, nayang'ana m'maso mkazi aliyense wotsika. Ndikam'bweretsera mbatata amandilandira mwaulemu ngati mlendo. "Zikomo, abambo inu, koma ndidikira mayi a Ruti, tidyera limodzi. Simunawaone kumsikako? Achedwa lero." Sanalawe kanthu. Teine ndi anzake amaima patali akumuyang'ana, ndipo akuti zonse zaoneka poyera. Woombeza wawo mawa adzapeza nyumba yopanda mkazi, ndipo chimene adzandinenera ine ndachisiya m'manja mwa Mwini moyo.

Ndikupemphani ziwiri. Choyamba, asayende yekha kumsika wa ku Lae, pakuti anthu a kwathu kuno ngochuluka kumeneko. Chachiwiri n'cholemera: musamlole kukwera basi yobwerera, ngakhale alire motani, ngakhale amve zotani za kuno. Akakufunsani ngati mwamuna wake akudya, mumuuze kuti ndikumphikira m'mawa ndi madzulo. Pamenepo simudzanama, koma musapitirire.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana anu onse. Ruti ndi mng'ono wake muwapsompsone m'malo mwanga, ndipo akakula muziwauza kuti atate wawo anali munthu wosekesa anthu. Sipora mumuuze kuti m'nyumba ya Wemin ali mwana wamkazi, osati mlendo, ndi kuti sindinam'pirikitse.

Yehova adalitse nyumba yanu, mlongo wanga, ndi onse ogona pansi pa denga lanu. Akuchulukitsireni chakudya chifukwa cha pakamwa patatu pamene ndakuwonjezerani, ndipo pa khomo limene mudzamtsegulira Sipora choipa chisalowerepo.

Ine mlongo wanu,
Wemin Gande