Chibowo chokwana munthu woonda

Cape Town, Julaye

Okondedwa achemwali anga a Esinati, amake Promise,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse kumeneko ku Nambuma. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno ndilipo, kungoti kukhalapo kwake n'komweko. Kalatayi ndapatsira a Henderson a ku Kasiya, amene ndimagwira nawo ntchito, akubwera kumaliro a apongozi awo. Muwerenge panokha, osati pamaso pa amayi.

Mwakhala mukudandaula kuti ndinasiya kuimba foni, mwina ndatchona. Sindinatchone ayi. Ndikutsokomola, achemwali, ndipo makutu a amayi mukuwadziwa. Angomva kamodzi kokha, mawa lake azimayi a mvano adzadza pakhomo. N'chifukwa chake ndasankha pepala, poti pepala silitsokomola.

Za Promise ndinamva. Munati mwana analemba Fomu 4 n'kukhoza koma akungokhala, fodya chaka chino sanakukomereni, ndiye ine monga malume ake ndimupezere pogwira kuno. Munanena zoona, mbumba ndi yanga. Koma ndisanayankhe, lekani ndikuuzeni ntchito imene ndimagwira, chifukwa nthawi yonseyi ndimangoti ndili ku zomangamanga.

Kuno mvula imagwa nyengo yozizira, inu mukusenda mtedza padzuwa. Nyumba zakale za kuno pansi pake si simenti koma matabwa, ndipo kunsi kwa matabwawo kuli mpata wamdima, waufupi ngati kunsi kwa nkhokwe. Mvula ikalimbika madzi amadzaza m'menemo, matabwa n'kuyamba kuwola, nyumba yonse kumanunkha chuku. Bwana wathu ntchito yake ndi yochotsa madzi amenewo. Amadula kachibowo pamatabwa, mwina m'khichini, mwina kuseri kwa chitseko, ndiye pamafunika munthu woti alowe.

Munthu wake ndine. Paja munkandiseka kuti ndine nsungwi, ndikadya chakudya chimapita kwa aneba? Kuwonda komweko ndi kumene kunandilembetsa ntchito. A Henderson ndi mimba yawo ija anayesa kamodzi, anathera m'chiuno, tinachita kuwakoka awiri. Chiyambire pamenepo iwo amatsala pamwamba ndi wilibala.

Ndikalowa ndimakwawa ndi mimba, tochi pamphumi, madzi ozizira ofika m'mafupa. Ndimafufuza kumene kwatsetsereka, n'kukumba dzenje ndi kakhasu kakafupi ndili chigonere, kuikamo pampu, kenako kukokera paipi kunja. Ndikatero ndimakumba timingalande tolondolera madzi kudzenjeko monga timachitira kudimba, kuthiramo miyala, n'kuyala pulasitiki wakuda. Dothi lonse limatuluka ndi ndowa pachibowo chomwecho. Tikapopa kumauma, eni nyumba n'kusekerera. Ikagwanso mvula, madzi aja abwerera ngati sitinagwirepo chilichonse. Malo ambiri kuno anali madambo, moti achule ndimakumana nawo m'menemo maso ndi maso. Bwana akudziwa, ndipo sizimuwawa, poti madzi akabwerera foni yake imalira.

Mwezi wathawu ndinali pansi pa nyumba ina, kukona yakutali, mvula ikukhuthuka. Magetsi anazima, pampu n'kusiya. A Henderson anali atatumidwa kukatenga miyala. Mayi wa m'nyumbamo ali ndi mwana wongoyamba kumene kuyenda. Ataona chibowo chili chosatseka anabwezerapo thabwa, n'kukokerapo kabati kuti mwanayo asagweremo. Sankadziwa kuti muli munthu. Sindikumuimba mlandu, nanunso mukanatero.

Ndinakwawa mpaka pachibowo, n'kupeza patsekedwa. Ndinakankha ndi mutu, ndi msana, osatheka. Madzi anayamba kukwera, kuchoka m'zigongono kufika pachifuwa, mpaka ndinagona chagada kuti mphuno ikhale kumatabwa. Ndinagogoda, ndinakuwa, Chingerezi chonse chinandithawa, ndinkangoitana amayi. Mvula padenga inali kusokosa, palibe anandimva. Pamwamba panga penipeni timapazi ta mwana uja tinkathamanga uku ndi uku. Ndinaganiza za Flora, mwana wanga, kuti adzamuuza kuti abambo ake anamira kuti, poti si mumtsinje, si m'chitsime.

Anandipulumutsa ndi galu wa pakhomopo. Ankangouwa pakabati paja mpaka a Henderson anafika n'kufunsa kuti Mose ali kuti. Anandisolola ngati mbewa ya mu una. Mayi uja analira, anandipatsa tiyi ndi bulangete. Bwana anati pepani, mawa lake n'kundilozeranso chibowo chomwecho, ati ntchito sinathe. Ndinalowa, achemwali. Ndikanapita kuti, mapepala anga okhalira kuno oti anatha kalekale?

Kuyambira tsiku limenelo chifuwa sichinandisiye. Kukiliniki anandipatsa mapilitsi, anatenga makhololo, akuti ndikamve zotsatira. Namwino sanabise, anati ndikapitiriza kugona m'madzi ndisadzapitenso kukawavutitsa. Ntchito ina ndafunsa paliponse, kulibe. Zobwerera kumudzi chimanjamanja, ndi chifuwa, kudzakhala katundu wa amayi, mtima ukukana. Ndiye m'mawa uliwonse ndimavala ovolosi yanga yosauma ija. Kunena zoona ndatopa, ndili ndi mantha, ndipo sindikuona kumene zidzathere.

Tsono sabata yatha bwana anandiitanira pambali. Waona kuti ndayamba kuchedwa, ndimatuluka pafupipafupi kudzapuma. Anandifunsa ngati kwathu kulibe mnyamata wina wa thupi ngati langa, ati a ku Malawi sadandaula, ndipo ndalama ya basi alipira yekha. Nthawi yomweyo ndinaona Promise m'maso mwanga, ndi timikono take tija. Mwana ameneyu anatengera ine, inunso mumanena. Pachibowo paja angalowe osakhudza m'mbali.

Ndinamuyankha kuti mwana wa mlongo wanga alipo, koma ndi chimunthu chonenepa kuposa a Henderson. Bwana anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pempho langa ndi limodzi: Promise asabwere. Ndikudziwa kuti pasipoti anatenga kale, ndipo amandilembera pafoni tsiku ndi tsiku kuti wakonzeka. Ndikudziwanso kuti alamu adzati ndine wakaduka, ndikufuna kudya ndekha. Anene. Mumuuze kuti malume ake akana. Akalime dimba langa lija la kumunsi kwa mjigo, ndamupatsa, pamodzi ndi njinga yomwe. Koma sindikudzinamiza. Mnyamata wa msinkhu umenewo, anzake akamuuza kuti basi ikunyamuka, mawu a malume amapepuka. Akafika kuno wopanda pogwira adzagogoda kwa ine, bwana adzamuona, ndipo sipadzafunikanso kufunsa.

Ndiye mukaona kuti wakukanikani, mtedza wa chaka chino musagulitse. Mudyetseni. M'mawa chiponde, masana ndiwo zotendera, madzulo wokazinga, muphe ndi nkhumba ija ngati n'kotheka. Mukuseka, eti? Ine sindikuseka. Ngati n'kubwera, abwere woti pachibowo paja akathere m'chiuno.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti foni inagwera m'madzi, si bodza kwenikweni. Moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Nsaru, ndi kwa amake Flora mukapita kumeneko, koma za chifuwazi ndidzawauza ndekha. Nsapato za Flora zili m'chikwama cha a Henderson. Ngati zakula, adzakuliramo.

Ndilekeze pano. Mvula yayambanso, ndipo galimoto ya bwana ikuliza hutala panja.

Ndine mlongo wanu,
Mose