Mkuwa Sugwira pa Mtovu

Kwa Katunga,
Chikwawa.
9 Juni, 2024.

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo ku Tete kumeneko. Ine ndili bwino. Simoni nayenso ali bwino, kungoti mano akutsogolo agweluka, ndiye akafuna kutafuna nzimbe amayambira pambali ngati mbuzi. Nambala yanu ija sikugwirabe. Ndikaimba amayankha mayi yemweyo wa Chipwitikizi, moti mawu ake ndawaloweza ngakhale sindidziwa chimene amanena. Ndiye ndati ndilembe, poti a Francis ogulitsa nsomba zouma aja akunyamuka Lachisanu ndipo akuti anakuonanipo pamsika. Musadabwe kuti ndalemba zambiri. Pakamwa ndine yemwe uja munamusiya, koma papepala mawu amabwera okha, mpaka aphunzitsi amawerenga zolemba zanga m'kalasi, ine n'kubisa nkhope padesiki.

Ndiyambe ndi zolemera kuti zichoke pamutu. Malume Alick anabwera mwezi watha. Anakhala pakhonde ndi Amayi, ndipo mukuwadziwa, sadziwa kunong'ona. Anati, "Mlongo, mvula yagwa kawiri mwamuna wako osaponda pakhomo pano. Thonje likangogulitsidwa ankhoswe akhala pansi. Akabwera, abwere adzalankhule. Akapanda kubwera, banja limenelo tilimasula." Amayi anangopitiriza kutongola chimanga. Thonje tayamba kale kutola, Ababa. Miyeso yogulira thonje yatsegulidwa.

Tsopano za lole yathu ija. Mukuikumbukira, ya nzimbe, imene tinkapanga ndi zitini za mafuta ndi masipoko a njinga? Munasiya titamaliza mutu wake ndi mafupa apansi, munati ngolo tidzapanga mukabwera. Ndinadikira, kenako ndinatulutsa chitsulo chanu chomatira m'bokosi muja. Ndimachiika pambaula monga munkachitira, ndimapala malo omatapo mpaka awale, kenako utomoni, kenako mtovu. Utsi wa utomoni ukakwera ndimamva ngati mwakhala pa mpando wanu uja mukundiuza kuti "pang'ono pang'ono, usathamange". Ngolo ndinaimaliza ndekha. Ndapanganso makoloboyi angapo, ndi kulumikiza waya wa wailesi ya kwa a neba. Atsikana kumjigo amanditchula kuti Amisiri. Ena amaseka, ine ndimangotunga madzi anga. Palibe amene ndingamuuze kuti lero mtovu wayenda bwino iye n'kumva chimene ndikutanthauza.

Ndiye Simoni anapakira miyala m'ngolo muja, ati ndi nzimbe za ku esiteti, n'kuyamba kuikoka mumsewu. Ekiselo yakumbuyo inathothoka pamene imagwirana ndi mafupa a lole. Ndinamata. Inathothokanso. Ndinaunjikapo mtovu wochuluka mpaka panatupa ngati chithupsa, koma akangoikoka pang'ono, thyo, pomwepo. Ndinkaona ngati dzanja langa ndi limene lili lolakwa.

Apa ndiyenera kukuuzani za a Sebastiano. Ndi amene amawotcherera njinga pa Dyeratu, amene akazi awo anamwalira chaka cha madzi osefukira chija. Anakonza njinga ya Amayi foloko itang'aluka. Kuyambira pamenepo amadutsa kwathu nthawi zina, akuti ndi njira, ngakhale ine ndikudziwa kuti kwawo ndi uko. Tsiku lina anabweretsa nsomba za makakana. Ine sindinadye, ndinati m'mimba. Zambiri sindilemba, sindinaone chilichonse choipa.

Ine sindinkafuna kupita kwa iwo, koma Simoni analira masiku angapo. Loweruka lina ndinaikulunga m'chitenje loleyo n'kupita. Ndinangoima pakhomo pa shedi yawo ngati mtengo.

"Mwabwera kudzagula mthunzi, amayi aang'ono?" anatero. "Lowani, ndi waulere."

Ndinavundukula. Anaitembenuza uku ndi uku, akuyendetsa chala m'mizere yanu ija. Ndinkadikira kuti anyoze kuti ndipeze chifukwa chowadera. Koma anati, "Amene anamata apa ali ndi dzanja. Taona, ngati wasoka ndi singano." Ndinati ndi Ababa. Anangogwedeza mutu. Kenako analoza chithupsa changa chija n'kuseka mpaka kutsokomola. "Nanga chiswe chamanga chulu apachi ndi cha kuti?"

Anandifotokozera, ndipo ndikulembereni monga ndinamvera, mwina mundikonze. Akuti mtovu ndi wofewa, umasungunuka msanga chitsulo chisanasinthe n'komwe mtundu, ndiye ndi wabwino pa zitini, pa mawaya a wailesi, pa zinthu zosanyamula katundu. Ngakhale uunjike bwanji, mphamvu zake ndi zomwezo. Koma pamene pamalemedwa, ngati pa ekiselo, pamafuna mkuwa wachikasu uja. Umenewo sumva chitsulo cha pambaula, umafuna moto wa gasi mpaka zitsulo zifiire ngati khala, ndiye umalowa m'mpata wonse n'kugwira zolimba. Chitini chopyapyala ukachionetsa moto umenewo chimangobooka.

Ndinati, "Ndiye ikanipo mkuwawo."

Anati, "Pali mawu awiri. Loyamba, mkuwa sugwira pa mtovu. Pamenepa tipale mpaka wakale wonse uchoke. Lachiwiri, moto ukalowa m'chitsulo umayenda ngati Shire akakwiya, safunsa kuti mundawu ndi wa yani. Ndikawotcha apa, zonse anamata bambo akozi ziyenderera, utola zitini zokhazokha. Mmisiri amayamba ndi mkuwa, mtovu pambuyo. Inu munayambira kumapeto."

Ndinaikulunganso n'kubwerera osatsanzika. Panjira ndinalira, sindinama. Malole enieni ankandipitirira ndi fumbi lawo, ine ndili ndi yanga kukhwapa. Ndinaiika pamwamba pa kabati, ndinauza Simoni kuti yafa basi. Ndinaganiza kuti bola ikhale yothyoka koma ili ndi dzanja lanu.

Inakhala pamenepo mpaka tsiku lina ndikuphula mphika ndi kansanza konyowa, ndinaima n'kumakayang'ana kansanzako. Loweruka lotsatira ndinapita kudimba kukakumba dothi lamakande lonyowa, ndinalinyamula m'jumbo. Nditafika pa Dyeratu ndinalankhula ndisanapatsidwe n'komwe moni, ine amene. Ndinati, "Nanga titaphimba za Ababazi ndi dothi, moto ungadutse?"

Anagwira dothilo ndi chala. Kenako anati, "Iwe, sukulu imeneyo usasiye." Anati iwonso amakulunga nsanza yonyowa akamawotcha pafupi ndi penti, koma pa kanthu kakang'ono chonchi sangalonjeze.

Ndinamata dothi pa mfundo zanu zonse, imodzi imodzi, loleyo inangokhala ngati yatitimira m'matope a ku Elephant Marsh. Chulu changa chija ndinapala ndekha ndi fayilo, pamodzi ndi mtovu wanu umene unali pansi pake. Pamenepo pokha ndinachotsa zanu, mundikhululukire. Anandiveka magalasi akuda, iwo anagwira moto, ine ndinagwira kandodo ka mkuwa titakaviika mu ufa wina woyera wothandiza mkuwa kuyenda. Dothi linayamba kulira, nthunzi kuti fwaa. Chitsulo chinafiira. Anati, "Tsopano, gunditsa!" Ndinagunditsa, ndipo Ababa, mkuwa unathamanga wokha kulowa m'mpata ngati ukudziwa kwawo. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Ndinafuna kutembenuka kuti ndikuuzeni, koma amene anali pambali panga anali a Sebastiano.

Itazizira tinagamula dothi. Mfundo zanu zonse zinali zilipo, kupatula imodzi, ya pansi pa chitseko cha dalaivala, imene inali pafupi kwambiri ndi moto. Mtovu wake unasungunuka n'kudontha pansi. Ndinaupeza m'fumbi, kampira kakang'ono ngati njere ya mapira. A Sebastiano anati, "Bweretsa ndimatepo, n'zosachedwa." Ndinati ayi. Sanafunse chifukwa. Anangopukuta manja n'kunena kuti ndiwapatsire moni kunyumba. Ndinathokoza kuti takhuta, monga munandiphunzitsira, chifukwa ulemu ndi ulemu.

Lole ikuyenda tsopano. Simoni amapakira miyala mpaka pamwamba, ekiselo osagwedera n'komwe. Chitseko chokha ndi chimene chimalendewera, chimangoti kwetekwete akamaikoka. Amayi ataiona anafunsa kuti wakonza ndani, ndinawauza. Anaigwira kanthawi, chala chawo chili pa mfundo zanu zija, osati pa mkuwa. Ndinaona ndi maso angawa, sindikuwonjezera kuti mubwere. Kenako anaibweza n'kupita kukatola thonje.

Anthu amalankhula zambiri za inu kuno, zina za mayi wina kumeneko. Ine sindifunsa. Ngati ndi nsapato kapena katundu amene mukuchita naye manyazi kubwera opanda, ife sitikufuna kanthu. Chitsulo chanu chilipo, mtovu watsala wokwanira, makala ndisunga.

Mukatsegula envelopu musaikutumule, muli kampira kaja, ndakakulunga m'kapepala. Ndi kanu. Pa chitseko paja sindinamatepo, ndasiyira inu. Ndidikira mpaka tsiku limene ankhoswe adzakhale pansi. Likadzadutsa ndidzamata ndekha, ndimatha tsopano, kungoti sindikufuna.

Simoni akuti moni, ndipo akufunsa ngati muli ndi ndevu, poti waiwala. Malume sindinawauze kuti ndikulemba. Amayi ndinawauza. Ndinafunsa ngati pali mawu oti ndiikemo, anati ndikuuzeni kuti thonje la chaka chino lacha msanga.

Ndine mwana wanu,
Sellina.