Nkhope Yofinyidwa ya Abambo

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndasankha kulemba pa pepala chifukwa uthenga wa pa foni mumauyankha ndi kachala koloza kumwamba, ngakhale nditakuuzani kuti denga lagwa. Kalata mwina muikhalira pansi. Kuno tili bwino, alamu anu ndi ana omwe, koma Amayi maso aja akutheratu. Adokotala akuti shuga wawononga mkati ndipo palibenso chochita. Masiku ano akutizindikira ndi mawu, ndipo ukakhala nawo pafupi amakuyendetsa zala kumaso ngati akusankha nsalu.

Tsiku lina ndinawaona akupapasa khoma la pabalaza pamene panali chithunzi cha Abambo. Anapeza msomali wokha, n'kubweza dzanja. Tsono kuseri kwa ogulitsa matayala kuli mmisiri wina wa makina ozokota zithunzi pa thabwa, nkhope n'kutumphuka yoti munthu aikhudze. Anthu amamutcha Mawamawa, ndipo sanamunamizire. Ndinati ndiwapangitsire Amayi nkhope ya amuna awo yoti aziiona ndi manja.

Chithunzi chenichenicho munachichotsa pa msomali ndinu titaika maliro, mukuti mukakachijambulitsa mubweza. Nditakukumbutsani munati, "Achimwene, musavutike, ndinachiika pa tsamba la pa intaneti, ingotsitsani." Ingotsitsani! Ngati ndi katundu wa pa njinga.

Ndinatsitsadi, n'kuika mu fulashi, ulendo kwa Mawamawa. Kashopu kake n'kodzaza utuchi, kompyuta yake yofunditsidwa thaulo, yakale kuposa mwana wanga woyamba. Atabaya fulashiyo anayamba kuseka.

"Akulu, mwandibweretsera chithunzi cha mtundu wa WebP? Makina angawa sadya zimenezi. Amadya BMP basi."

"Chithunzi si chithunzi kodi?" ndinatero ine.

"Nsapato si nsapato? Kavaleni ya mwana wanu tione. Kachisintheni, mubwere mawa."

Achemwali, ndakalamba ndikulemba nkhani, koma sindinazunzikepo ngati mmene anandizunzira masamba osinthira zithunziwa. Paliponse pali batani lobiriwira lokukodola. Ndinadina lina, linandilonjeza mankhwala ophwetsa mimba. Ndinadina lina, linati ndapambana galimoto. Alamu anu atatopa ndi kudandaula kwanga anandisuntha pampando, n'kudina kawiri katatu, chithunzi chija n'kusanduka BMP. Kafayilo kaja kanali kopepuka ngati nthenga, koma apa kanatupa, kulemera kosaneneka. Ndinati zonse zimene zinabisika zatuluka, Abambo abwerera athunthu.

"Bambo ake, musavine," anatero alamu anu. "Za pa intanetizi amazifinya kuti zipepuke. Inu mukuyesa anachipinda ngati malaya, choti mungochitambasula. Ayi, anachifinya ngati lalanje. Khoko lake liikeni ngakhale m'ndowa yaikulu, madzi aja anapita."

Ndinawayankha kuti iwo amadziwa za ku ofesi, ine ndimadziwa bambo anga.

Za Mawamawa ndisakutopetseni nazo. Magetsi athima, mawa. Kamsomali kozokotera kathyoka, mawa. Mlamu wake akudwala, mawa. Nsapato zanga zinaiphunzira njira ija moti zikhoza kupita zokha. Tsiku limene anandipatsa thabwalo ndinaona kuti lakongola ndithu: chipewa chija, kolala ija, makutu aja amene tonse tinatengera. Ndinalikulunga m'jekete ngati khanda.

Amayi ndinawapeza pampando wawo wa pawindo. Ndinawaika thabwalo pamiyendo. Zala zinayamba pachipewa, zinatsika pamphumi, zinaima. Zinabwereranso.

"Uyu ndani?"

"Ndi Abambo, Amayi."

"Bambo a ndani? Chipsera chili kuti?"

Mukuchikumbukira chipsera cha pamwamba pa nsidze, chimene anachitenga atagwa pa njinga ali mnyamata, akutembenukira Amayi m'malo moyang'ana msewu? Pa chithunzi cha pakhoma chinkaoneka ngati kaulusi koyera. Ofinya aja anachiyesa litsiro, n'kuchisalaza.

"Mwandibweretsera mwamuna wosalala ngati sopo," anatero Amayi. "Kamupatseni wina amene akusowa banja."

Tinaseka tonse, koma thabwalo sanalibweze.

Ndinabwerera kwa Mawamawa nditafuka utsi. Iye anati makina amazokota chimene wawapatsa, sakumbukira maliro a munthu. Kenako ananola tchizulo n'kunena kuti, "Chipsera n'chosavuta, akulu, ndichidula ndi dzanja. Mbali iti?"

Mbaliyo ndinali nditaiwala. Nkhope imene ndinaiyang'ana moyo wanga wonse! Kunyumba ine ndikuti kumanja, alamu anu akuti kumanzere, ndipo thabwa ukalidula sulibwezeranso. Ndinakafunsa mwini wake. Amayi anayankha msanga kuti kumanja. Kenako anakweza dzanja m'mwamba ngati akugwira tsaya la munthu amene waima patsogolo pawo.

"Kumanja kwanga, kapena kwake?" anafunsa motsitsa mawu.

Anatembenukira kuwindo, ndipo tsiku limenelo sanafune kucheza ndi aliyense.

N'chifukwa chake ndakwiya nanu, Achemwali, ndipo sindibisa. Ndikudziwa kuti kumeneko muli nokha, ndi kuti chithunzicho mwina ndicho chimakulandirani mukaweruka kuntchito. Sindikukulandani. Koma musachijambule ndi foni, musachiikenso pa tsamba lililonse, musanditumizire chilichonse chotsitsa. Chichotseni mu felemu, muchiike pakati pa makatoni awiri olimba, muchitumize chenichenicho. Kuno tikachijambulitsa bwino pa makina osafinya, ndipo ndidzakubwezerani ndi manja anga. Musachedwe. Maso anapita kale, tsopano nkhopeyo yayamba kuchoka ndi mkati momwe.

Alamu anu akupereka moni, akuti musamale kuzizira. Ana akuti azakhali abwera liti. Amayi ndawafunsa choti ndikulembereni. Thabwa lili pamiyendo, chala chikuyenda kuchoka pa nsidze iyi kupita pa inayo. Akuti, "Umuuze adye bwino. Ndipo umuuze awayang'anitsitse bambo akewo, andiuze."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
wotopa ndi mabatani obiriwira.