Mpeni wa Dzanja Lamanja

Barking, London
9 Novembala 2006

Okondedwa alamu a Felton,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Mponela. Kuno tilipo, koma kuzizira. Yamiko akukula, kungoti amayankha m'Chingerezi basi.

Ndalemba kuti ndikufunseni ngati munthu wosula zitsulo. Ang'ono anu, bambo a Yamiko, ali ndi mpeni wa ku Japan umene ankadulira nsomba kulesitilanti kuja. Ndi wosulidwa pamanja, ndipo dzina la wousulayo lili pachitsulo pomwepo. Unanoledwa mbali imodzi yokha, ndiye umafuna dzanja lamanja.

Chitulukireni m'chipatala mu Seputembala, ang'ono anuwo kuntchito sanabwerere, poti dzanja lamanja silikugwirabe. Dzulo ndinawapeza kukhitchini akuyesa kudula tomato ndi dzanja lamanzere. Mpeni unkangokhotera kumbali. Anangouika pansi. Panopa wayamba dzimbiri, chonsecho kale ankaupukuta ngati khanda.

Kodi alamu, wosula angathe kuutembenuza mpeni wotere kuti ukhale wa dzanja lamanzere? Iwo sangakufunseni okha, mumawadziwa.

Amayi akafunsa chifukwa chimene mwana wawo sakuimbira foni, muwauze kaye kuti ntchito yachuluka.

Ndine mlamu wanu,
Maureen